Chitetezo Chimene Chimavulaza Mwini Wake

Chithupsa chikapsa n'kuphulika, chimene chimatulukamo anthu amanyansidwa nacho: mafinya achikasu, nthawi zina obiriwira, olemera ngati phala. Ambiri amayesa kuti amenewo ndiwo matenda enieniwo akutuluka. Koma mafinya akaunikidwa pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, mbali yake yaikulu si tizilombo ayi. Ndi mitembo ya maselo a thupi lomwelo, maselo oyera a m'magazi otchedwa neutrophil, amene anathamangira pamalopo, n'kugwira ntchito yawo, n'kufera pomwepo. Ngakhale kubiriwirako n'kwawo, chifukwa kumachokera ku puloteni ina imene amanyamula. Kufiira, kutentha, kutupa ndi kuwawa, zizindikiro zinayi zimene Celsus wa ku Roma anazilemba zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, mbali yaikulu ndi zochita za thupi poyankha kachilombo, osati zochita za kachilomboko. Apa ndi pamene munthu wokhulupirira Mulungu amakumana ndi funso lovuta kulizemba. Ngati chimene chimatigoneka usiku wonse tikubuula ndicho chomwe chinaikidwa kuti chititeteze, ndipo ngati nthawi zina chitetezo chomwecho ndicho chimapha munthu, Mlengi wabwino akanapangiranji mtetezi wotere?

Pali mayankho awiri amene amabwera msanga, ndipo onse amamveka kawirikawiri pamaliro ndi pamaguwa. Loyamba limati choipa chilichonse chimachokera kunja: kwa mdani, kwa mfiti, kwa Satana, pamene thupi ndi Mulungu alibemo mbali. Maganizo amenewa ndi akale kwambiri. Otsatira a Mani, amene Augustine wa ku Hippo anakhala nawo zaka zingapo asanawatsutse, ankaphunzitsa kuti dziko ndi bwalo la mphamvu ziwiri, ya kuwala ndi ya mdima. Lachiwiri limati ululu uliwonse ndi chilango choyezedwa bwino, cholunjika kwa amene walakwa. Mayankho onsewa amalephera tikayang'anitsitsa mmene selo la neutrophil limadzukira. Loyamba limalephera chifukwa chowawacho si mlendo, n'cha m'nyumba momwemo. Lachiwiri limalephera chifukwa seloli silidziwa mbiri ya munthu. Limachita chimodzimodzi m'thupi la khanda ndi m'thupi la chigawenga. Chimene ndikuona kuti umboni ukuloza n'chakuti kuvulaza kwa chitetezo cha m'thupi ndi mtengo wa chinthu chimodzi chosapeweka kwa cholengedwa chokhala m'nthawi: chiyenera kuchitapo kanthu chisanadziwe zonse.

Nkhani yonse yagona pa nthawi. Bakiteriya wina, zinthu zikamuyendera bwino, amagawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse, moti mmodzi yekha angathe kukhala oposa 16 miliyoni pa maola 8. Thupi lili ndi chitetezo china chanzeru kwambiri, chimene chimaphunzira kachilombo bwinobwino n'kupanga zida zoyenera iko kokha, ndipo ndi chimenechi chomwe katemera amachiphunzitsa. Koma chikakumana ndi kachilombo koyamba chimafuna sabata kapena kuposerapo kuti chikonzeke. Pakati pa mphindi 20 ndi sabata pali mpata umene munthu angafere kangapo konse. Ma neutrophil ndiwo amatseka mpatawo. Mwa maselo oyera 100 alionse a m'magazi a munthu wamkulu, 50 mpaka 70 ndi amenewa, ndipo mafuta a m'kati mwa mafupa amapanga pafupifupi 100 biliyoni tsiku lililonse, chifukwa lililonse silikhalitsa m'magazi. Ali ngati mlonda amene wamva mtswatswa kuseri kwa khola pakati pa usiku wopanda mwezi: akadikira kuti kuche aone nkhope, mbuzi zapita, akaponya chibonga mumdima, angaphe fisi, komanso angavulaze mwana wa mwini nyumba. Sitingafune kwa mlonda ameneyu kuti akhale wachangu komanso wosaphonya, pokhapokha titamupatsa maso oona mumdima, ndipo pamenepo sakhalanso cholengedwa chimene chimadziwa zinthu pang'onopang'ono monga mmene zolengedwa zonse zimadziwira.

Zida zimene maselowa amanyamula n'zoopsa ndithu. Selo likameza bakiteriya, limayamba kukoka mpweya wa okosijeni mochuluka mwadzidzidzi, osati kuti lipume, koma kuti liusandutse poizoni. Pamapeto pake puloteni yobiriwira ija, myeloperoxidase, imapanga asidi wa mtundu womwewo umene umapatsa mphamvu Jik wochapira zovala. Lilinso ndi timatumba todzaza ndi mapuloteni osungunula minofu, monga elastase, amene sasankha pakati pa khungu la bakiteriya ndi minofu ya mapapo a mwini wake. Mu 2004 akatswiri a ku Berlin, Volker Brinkmann ndi Arturo Zychlinsky pamodzi ndi anzawo, anaonetsa kuti selo lingathe ngakhale kutulutsa DNA yake yomwe n'kuiyala ngati ukonde wokola tizilombo. Ukonde womwewo, ukayalidwa m'mitsempha, umathandizira magazi kuundana pamalo olakwika.

Wina akangomva zimenezi anganene kuti mlandu watha: Mlengi anaika moto m'magazi athu. Koma chodabwitsa si chakuti motowo ulipo. Chodabwitsa ndi kuchuluka kwa zitseko zimene ziyenera kutseguka, chimodzi pambuyo pa chinzake, motowo usanayake. M'magazi a munthu wabwinobwino selo la neutrophil limangoyenda lili lobulungira, lili phee, silimata paliponse. Munga ukalasa chala, maselo okhala m'minofu yapamalopo ndiwo amayamba kuzindikira n'kutulutsa mankhwala ochenjeza. Mankhwalawo amasintha khoma la m'kati la timitsempha tapafupi, khomalo n'kutulutsa timapuloteni togwira mofooka, totchedwa selectin. Selo lodutsa limagwidwa, n'kutayidwa, n'kugwidwanso, choncho m'malo mothamanga ndi magazi limayamba kugubuduka pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma. Apa silinamange mfundo iliyonse; ngati palibe china chimene lamva, limamasuka n'kupitiriza ulendo. Koma likakumana pakhomapo ndi chizindikiro chachiwiri, monga interleukin-8, mapuloteni ake ena otchedwa integrin, amene anali opindika, amawongoka n'kugwira zolimba. Pamenepo selo limaima, limaphwatalala, limakwawa kufunafuna mpata pakati pa maselo a khoma, n'kudzifinya mpaka kutulukira kunja kwa mtsempha. Julius Cohnheim anaona zimenezi ndi maso ake mu 1867 poyang'ana timitsempha ta m'mimba mwa chule wamoyo. Likatuluka limatsata fungo la mankhwala kulowera kumene kukuchuluka. Ndipo ngakhale pamenepa silinayatse moto wonse. Chizindikiro choyamba chimangolikonzekeretsa, kusonkhanitsa zida pafupi. Moto wamphamvu umayaka likalandira chizindikiro china, makamaka likagwira bakiteriya weniweniyo, ndipo mbali yaikulu ya poizoniyo imathiridwa m'kathumba kotsekeka m'kati mwa selo momwe bakiteriyayo watsekeredwa. Makina amene amapanga poizoniyo amasungidwa ali zidutswazidutswa, zina m'madzi a m'selo, zina pakhungu lake, ndipo amalumikizidwa pokhapokha nthawi itakwana. Chinthu chimene sichingathe kudikira kuti chidziwe zonse chimafunsabe umboni kangapo chisanamenye.

Kuleka nakonso kunakonzeredwa njira yake. Kale anthu ankaganiza kuti kutupa kumangozilala kokha, koma kafukufuku wa Charles Serhan ndi anzake ku Harvard anasonyeza kuti thupi limapanga mankhwala apadera olamula kuti maselo atsopano asabwerenso. Selo limene lamaliza ntchito limafa mwadongosolo, khungu lake lisanang'ambike, n'kuika chizindikiro choti maselo akuluakulu otchedwa macrophage alimeze poizoni wake asanatayike. Ndipo macrophage akameza mtembo wotere amasintha khalidwe n'kuyamba ntchito yopoletsa bala. M'magazi mumayendanso puloteni yochokera kuchiwindi, alpha-1 antitrypsin, imene ntchito yake yaikulu ndi kumanga elastase yense wotayika. Anthu obadwa ndi puloteniyi yochepa amatha kuwonongeka mapapo asanakalambe, monga anatulukira akatswiri a ku Sweden mu 1963, ndipo utsi wa fodya umaifooketsa ngakhale mwa amene anabadwa nayo yokwanira. Apa Augustine akuoneka kuti anaona patali kuposa otsutsana naye. Iye ankaphunzitsa kuti choipa si chinthu cholengedwa pachokha, koma kuwonongeka kwa muyezo, maonekedwe ndi dongosolo la chinthu chabwino. M'mapapo a wosuta fodya simunalowe chinthu chatsopano chotchedwa choipa. Elastase ndi yemweyo amene dzulo anapha bakiteriya. Chimene chasowa ndi chommanga.

Wotsutsa woyamba anganene kuti zitseko zonsezi zikungosonyeza kuti chidacho n'choopsa mopyola muyezo, ndipo mtetezi wofatsirapo akanakhala bwino. Yankho lake sitichita kuliganizira, chifukwa alipo anthu obadwa ndi mtetezi wotere. Pali matenda osowa kwambiri amene mwana amabadwa ma integrin aja asakugwira ntchito. Magazi ake amadzaza ndi ma neutrophil, ochuluka kuposa a mwana wabwinobwino, koma sangathe kuima pakhoma n'kutuluka. Chizindikiro choyamba nthawi zambiri chimaoneka m'chikuta momwe: mchombo umene umayenera kuuma n'kugwa pasanathe sabata ziwiri umakhala mpaka mwezi kapena kupitirira, chifukwa ngakhale kugwa kwa mchombo, kumene mayi ndi azamba amakudikira kuti mwana atulutsidwe, kumathandizidwa ndi maselo amenewa. (Ana ambiri amene mchombo wawo wachedwa kugwa alibe matendawa, ndipo palibe chifukwa choti mayi aliyense ade nkhawa.) Mwana wodwala matendawa zilonda zake sizichita mafinya. Zimangokula, osapola, ndipo popanda chithandizo chachikulu ambiri mwa odwala kwambiri safika patali. Pali matenda enanso amene maselo amafika pabala, n'kumeza bakiteriya, koma makina a poizoni aja sayaka. Bakiteriyayo amakhala wamoyo m'mimba mwa selo limene linamumeza. Ndipo madokotala a khansa amadziwa kuti mankhwala awo akatsitsa kwambiri ma neutrophil, kutentha thupi pang'ono chabe ndi nkhani yothamangira nayo kuchipatala usiku womwewo. Thupi lopanda mafinya si thupi lamtendere.

Wotsutsa wachiwiri ndi wamphamvu kuposa woyamba. David Hume, m'buku lake la makambirano okhudza chipembedzo limene linatuluka mu 1779, anafunsa chifukwa chake Mlengi wamphamvuyonse akanagwiritsa ntchito ululu pamene akanatha kupeza njira ina, komanso chifukwa chake zinthu zothandiza za m'chilengedwe zimapyola malire kawirikawiri chonchi. Pa nkhani yathuyi funso lake lingakhale lakuti: bwanji selo silinapatsidwe luso losiyanitsa mdani ndi mwini nyumba mosaphonya? Sindikuganiza kuti funsoli lingayankhidwe lonse, koma pali chinthu chimodzi chimene chimalichepetsa mphamvu. Chimodzi mwa zizindikiro zimene neutrophil amadziwira bakiteriya ndi mmene mapuloteni a bakiteriya amayambira, ndi kachidutswa kotchedwa formyl. M'thupi lathu muli malo amodzi amene amapanga mapuloteni oyamba chimodzimodzi: mitochondria, tinthu timene timapatsa mphamvu pafupifupi selo lililonse. Akatswiri amagwirizana kuti makolo a tinthu timeneti anali mabakiteriya amene analowa m'maselo ena kalekale n'kukhazikikamo. Choncho munthu akaphwanyika pangozi ya galimoto, maselo ake n'kung'ambika, zam'kati mwa mitochondria zimatayikira m'magazi, ndipo ma neutrophil amadzuka ngati kuti thupi lonse lalowedwa ndi tizilombo, ngakhale mulibe kachilombo n'kamodzi komwe. Gulu la Carl Hauser ku Boston linasonyeza zimenezi mu 2010. Selo silinalakwitse chifukwa cha kupusa. Mdani ndi mwini nyumba ndi apachibale, opangidwa ndi dothi limodzi, ndipo chimene chimatipatsa mphamvu yopumira n'chofanana ndi chimene chingatiphe. Amene akufuna dziko limene malire a pakati pa ife ndi tizilombo ndi oonekeratu akufuna dziko limene zamoyo sizili pachibale, ndipo sindikudziwa ngati m'dziko limenelo mukanakhala chakudya choti thupi n'kugaya. Fanizo la Yesu la tirigu ndi namsongole limavomereza vuto lomweli, kuti pozula choipa ungazule ndi chabwino chomwe, n'chifukwa chake antchito aja anauzidwa kudikira nthawi yokolola. Mwini munda angathe kudikira. Thupi limene bakiteriya akuchulukana m'magazi mwake silingathe.

Wachitatu anganene kuti kulowetsa Mulungu m'nkhaniyi n'kosafunika: zamoyo zimene chitetezo chake chinali chofooka zinafa, zimene chinali chaukali kwambiri zinafanso, zotsalazo ndi ife, ndipo selo lilibe cholinga, chifundo kapena kudziletsa. Mbali yaikulu ya mfundoyi ndikuivomereza. Elie Metchnikoff, amene mu 1882 ku Messina analasa ndi minga tiana ta nyama ya m'nyanja yooneka ngati nyenyezi n'kuona maselo akuunjikana paminga, anali wotsatira maganizo a Darwin, ndipo anafotokoza kutupa popanda kutchula Mlengi. Ntchito yake inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 1908. Kuona zitseko za neutrophil si umboni woti Mulungu alipo, ndipo wolalikira amene angatenge selo ngati chitsanzo cha kudzipereka akuliveka khalidwe limene lilibe. Mfundo yanga ndi yocheperapo. Munthu amene amati kuwawa kwa thupi kukutsimikizira kuti dziko linapangidwa mwankhanza kapena mosasamala ayenera kusonyeza kuti panali njira ina yopezera chitetezo chachangu popanda ngozi, m'dziko la zinthu zogwirika, zotenga nthawi, zapachibale. Sayansi yomweyo imene iye akuidalira ikusonyeza kuti njirayo ndi yovuta kuiganizira. Kaya dongosololi linabwera kudzera m'kusintha kwa zamoyo kwa zaka mamiliyoni ambiri, wokhulupirira sataya kanthu. Funso loti n'chifukwa chiyani pali dziko lotha kubala dongosolo lotere limakhalapobe, ndipo makina oonera tinthu ting'onoting'ono saliyankha mbali iliyonse.

Chotsutsa chimene chimandilemera kwambiri si cha akatswiri a nzeru ayi, koma cha mayi amene mwana wake wamwalira. Tizilombo tikafalikira m'magazi, chenjezo limene limayenera kumveka pachala chimodzi limamveka thupi lonse nthawi imodzi. Makoma a mitsempha yonse amayamba kumata, ma neutrophil amaunjikana m'mapapo n'kuthira poizoni wawo pamene palibe chomeza, madzi amadzaza timatumba ta mpweya, magazi amasiya kuthamanga bwino, impso zimaima. Madokotala amatcha vutoli sepsis. Kafukufuku wina wamkulu anayerekezera kuti mu 2017 anthu pafupifupi 49 miliyoni anadwala motere ndipo 11 miliyoni anamwalira, kuphatikizapo ana ambiri, ndipo maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara ali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Kuuza mayi ameneyu kuti dongosolo limene lapha mwana wake limapulumutsa ana ena mamiliyoni n'kunena zoona, koma zoona zosafika pamene pali bala lake. Zonse zimene ndafotokozazi zikunena za mtundu wa anthu. Sizikunena chifukwa chake zinagwera mwana uyu. Anzake a Yobu analakwa pamene anafuna kupeza chifukwa cha tsoka lake mwa iye mwini, ndipo Yesu anakana pamene ophunzira ake anafuna kudziwa amene anachimwa kuti munthu abadwe wosaona. Chimene nkhani ya neutrophil ingachite kwa wofedwa n'chochepa koma n'chenicheni: imamuchotsera mlandu umene achibale ndi anansi angamusenzetse. Mwanayo sanalodzedwe, ndipo mayiyo sanalangidwe. Funso loti Mulungu anali kuti limakhala lotsegukabe, ndipo ndi bwino kulisiya choncho kusiyana n'kulitseka ndi bodza.

Pali chotsatira china chokhudza amene amaona ngati kumwa mankhwala n'kuchepa kwa chikhulupiriro. Ngati choipa cha m'kutupa ndi chabwino chimene chataya muyezo, ndiye kuti dokotala amene akuyesa kubwezera muyezowo sakulimbana ndi Mlengi. Akuchita kuchokera kunja zimene thupi limachita lokha m'kati likamayenda bwino. Koma nayenso amagwira ntchito asanadziwe zonse, ndipo muyezowo si umodzi kwa anthu onse. Mankhwala a dexamethasone amaziziritsa kutupa m'njira zambiri. Mu June 2020 kafukufuku wa ku Britain anapeza kuti mwa odwala COVID-19 amene ankapumira makina, mankhwalawa anachepetsa imfa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, pamene kwa odwala osafuna okosijeni sanathandize. Pa matenda oumitsa khosi oyambitsidwa ndi bakiteriya, kafukufuku wa ku Ulaya wa mu 2002 anapeza kuti amathandiza akuluakulu. Koma atayesedwa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kwa ana m'kafukufuku wa Elizabeth Molyneux ndi anzake wa mu 2002, ndiponso kwa akuluakulu mu 2007, sanachepetse imfa. Ambiri mwa akuluakuluwo anali ndi kachilombo ka HIV, ndipo odwala ambiri ankafika kuchipatala matenda atakula kale. Mankhwala omwewo, matenda a dzina lomwelo, koma matupi osiyana ndi nthawi yofikira yosiyana. N'chifukwa chake malangizo olembedwa ku Ulaya sangangotengedwa osayesedwa ku Blantyre, ndipo n'chifukwa chake mwana amene watentha thupi, wauma khosi kapena walefuka mpaka kukana kuyamwa ayenera kupemphereredwa ali kumsana, panjira yopita kuchipatala.